Ayi wa Malume Chagona

Kuseri kwa mapiri amene wojambula mapu a kusukulu adawaiwala kuli ufumu wa Tionamawa. Likulu lake ndi Dikiranipo. Mfumu yake ndi Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, yemwenso sadalakwepo. Kum'mawa ufumuwu udachita malire ndi dziko la Kwaeni, ndipo malirewo ndi mtsinje wa Yendayenda. Amene adasankha mtsinjewu kuti ukhale malire ayenera kuti adauona m'chilimwe, utagona. Dzinja likafika Yendayenda amadzuka n'kusamukira kumene wafuna, osatsanzika mfumu ya tsidya lino kapena ya tsidya ilo.

Sipiliyano adabadwira m'mudzi wa Pamchenga, mbali ya Tionamawa. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri mtsinje udasefukira n'kudzera kuseri kwa mudzi, ndipo anthu a Pamchenga adangopezeka ali m'dziko la Kwaeni osaponya phazi ndi limodzi lomwe. Mayi ake adamubereka kumbuyo naoloka, kubwerera kwawo kumene sadachokeko. Koma mchombo wa mwanayo, umene adaukwirira patsinde pa mtengo wa mango monga amachitira makolo onse, udatsala kutsidya.

Anakulira pamsika wa Tsitsaniko ku Dikiranipo, nakhala wokonza maambulera. Imeneyi ndi ntchito ya munthu wodziwa kudikira: miyezi isanu ndi iwiri kuyang'ana kumwamba, miyezi isanu kuwongola mawaya. Moyang'anizana ndi benchi yake panali khonde la sitolo, ndipo pakhondepo pankasoka Ndaziona, Nangozo, mtsikana wa mpata m'mano amene akaseka ngakhale ogulitsa makala ankaoneka oyera kumaso. Nsalu ya ambulera imakhala ndi zidutswa zisanu ndi zitatu. Sipiliyano akadatha kupita nazo zonse tsiku limodzi kukasoketsa, koma ankapita nacho chimodzichimodzi.

Pa chidutswa chomaliza anamufunsira. Ndaziona anali ataphunzitsidwa kuti mtsikana savomera tsiku loyamba ngati kuti wakhala akudikira, choncho anayang'ana pasingano nati, "Ayi." Mumtima anali atasankha kale deresi lovala mawa, pobwera kachiwiri mnyamatayo. Sipiliyano anavula chipewa, nathokoza, nabwerera pabenchi yake, ndipo milungu itatu inatha osadutsanso pakhondepo. M'ufumu wonse wa Tionamawa anali munthu mmodzi yekhayo amene ankakhulupirira kuti ayi ndi ayi.

Ndaziona anathyola masingano anayi. Kenako anadumpha msewu yekha n'kukamuuza kuti ngati ali ndi funso lina lililonse afunse msanga, chifukwa iye wasiya ntchito pamakina. Ukwati unaikidwa pa Loweruka lachiwiri la Disembala.

Chikondi chikuyenda choncho, kunyumba yachifumu kunali nkhawa. Mfumu Sindilakwa inamva kuti m'zipatala mulibe mankhwala, makuponi a feteleza sakukwanira, ndipo nkhalamba zakhalitsa pamzere wa chithandizo mpaka zina zayamba kumeranso mano. Popeza wolakwa sakanakhala iyo, inaitanitsa Nduna Yoona za Olowa ndi Otuluka, a Chitsekere, kuti adzatchule wolakwayo. A Chitsekere anagwada nati vuto ndi anthu a ku Kwaeni. Amaoloka ndi malungo awo kudzadwalira kuno, amapuma mpweya wa ufumu uno osapempha, ndipo ena afika pomwalirira kuno n'kutenga malo kumanda.

Mfumu inafunsa kuti munthu wa ku Kwaeni amaoneka bwanji. Apa nduna inakanda m'mutu, pakuti anthu a ku Kwaeni amayankhula ngati a ku Tionamawa, mifunda yawo ndi yomweyo, ngakhale nyimbo za pamaliro n'zimodzi.

"Kuopsa kwake n'komweko, Mfumu ya Mafumu," anatero a Chitsekere. "Afanana nafe dala."

Mmenemo ndi mmene inabadwira Bilu ya Nambala ndi Michombo. Mbadwa iliyonse ipatsidwe nambala yakeyake. Wopanda nambala asalandire mankhwala, kuponi kapena chithandizo cha okalamba, asagulitse pamsika, asakwatire, ndipo ngati akufuna kufa akafere kwawo. Kuti munthu apatsidwe nambala ayankhe mafunso awiri olembedwa m'lamulo momwemo, amene palibe angawasinthe kupatula Nyumba ya Aphungu. Loyamba: kodi mchombo wanu uli m'nthaka ya Tionamawa? Lachiwiri: kodi muli ndi mboni imene inaona ukukwiriridwa? Wovomera onse awiri alembedwe m'buku n'kupatsidwa nambala yotsatira. Wokana akwere lole ya boma mpaka pamtsinje. Nambala 1 inali kale ya Mfumu. Nambala 2 a Chitsekere anadzisungira, ndipo anakonza zoti adzailandire Lolemba pamwambo wa malipenga ndi ng'oma, atasoketsa kale malaya olembedwa nambalayo pamtima.

Nkhani itafika pamsika wa Tsitsaniko, Anachisale ogulitsa matemba anati mboni ya mchombo wawo idamwalira chaka cha dzombe, tsono boma linene kuti liyamba kufukula chiyani, mchombo kapena mboni. Wometa tsitsi anati iye adabadwira kuchipatala ndipo wake udatuluka m'ndowa ya anamwino, boma likaupeza limubwezere chifukwa wausowa. Wina anafunsa ngati mbuzi zogula kutsidya nazonso zidzafunsidwa. Anthu anaseka, nagulitsa malonda awo.

Ndaziona sanaseke. Anawerenga masiku pa zala: Lachinayi aphungu avota, Lachisanu lole, Loweruka ukwati. Deresi loyera linali litapachikidwa kale kuseri kwa makina, longotsala mpendero.

Anauza Sipiliyano kuti kwa agogo ake kuli mtengo wa mpoza ndipo agogowo alumbira mosavuta kuti adaona ndi maso awo mchombo ukukwiriridwa pamenepo. Agogo ake adalumbirapo zazikulu kuposa zimenezi. Sipiliyano anapitiriza kuwongola waya.

"Nangozo, akandifunsa ndidzanena zimene zilipo."

"Akakukwezani lole, a Sipi."

"Bodza lili ngati ambulera yobooka. Umaiyamikira mvula isanabwere."

Ndaziona anamuyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati amumenye ndi sizasi kapena amukwatiwe pomwepo. Kenako anaphimba makina, nanyamuka ulendo wa kwa amalume ake.

Amalumewo anali Olemekezeka Chagona, phungu wa dera la Mthunzi, mlongo wa mayi ake komanso nkhoswe ya ukwatiwo. Anali phungu woima payekha, ngakhale palibe adawaonapo ataima. Pa zaka khumi ndi zinayi m'Nyumba ya Aphungu adayankhulapo kamodzi, kupempha kuti atseke zenera. Sikuti anali munthu woipa. Kungoti Nyumbayo imavota masana anthu atadya, ndipo mpando wawo unali pakona pamene mphepo sifika. Aphungu onse anali makumi asanu ndi atatu ndi mmodzi: makumi anayi a Chipani cha Zilibwino, cholamula, makumi anayi a Chipani cha Zikadakhalaife, chotsutsa, ndi a Chagona. Masiku onse malamulo ankadutsa ndi phokoso, mbali yofuula kwambiri n'kupambana. Koma ulendo uno otsutsa anaumirira zovota potchula dzina la phungu mmodzimmodzi, ndipo mzinda wonse unazindikira kuti tsogolo la michombo lili m'manja mwa munthu wogona pakona uja.

Ndaziona anawapeza pansi pa mtengo, nagwada, nafotokoza zonse. A Chagona anakhala tsonga. Anati mkamwini wawo ameneyu adawakonzera ambulera ya malemu akazi awo imene amisiri atatu adaikana, ndipo suti ya paukwati agula kale.

"Akangotchula dzina langa, mwana wa mlongo wanga, ndidzakana mpaka denga limve."

"Ngati mudzakhale muli maso, Malume."

Pamenepo a Chagona anayang'ana kumbali, chifukwa anali munthu wosalonjeza zosatheka. Ndaziona anapempha jekete lawo. Anasokerera phini m'kolala, nsonga itayang'ana m'mwamba, pamalo poti chibwano chikangotsika chikumane nayo.

Pali chinthu chimodzi chimene Ndaziona sankachidziwa, ndipo a Chagona akadachidziwa akadakhala maso tsiku limodzi lokha pa zaka zonsezo. Nyumba ya Aphungu ya ku Tionamawa idakhazikitsidwa kalekale ndi alendo a kutsidya kwa nyanja zamchere, amene pochoka adasiya mipando, belu, chisoti cha ubweya wa nkhosa chovala Sipikala, ndi buku la kayendetsedwe ka zokambirana. M'chiyankhulo cha alendowo, mawu ovomera pa voti amamveka ngati ayi. Eni dziko adangotengera osafunsa. Motero m'Nyumbamo phungu wovomera amafuula kuti ayi, ndipo wokana amati noo, mokoka ngati ng'ombe yoitana mwana wake. Anthu odutsa panja akamva "ayi" wamphamvu akutuluka m'mazenera ankapita kwawo ali osangalala kuti aphungu awo akana, n'kumadabwa mawa lake msonkho utakwera.

Lachinayi Ndaziona anakhala m'mwamba, pamabenchi a alendo. A Chitsekere anayankhula maola atatu, ndipo palibe chifukwa chozunzira pepala ndi zonse zimene ananena. Mwachidule anati ufumu uli ngati nyumba, nyumba ili ndi chitseko, ndipo iwo ndi a Chitsekere. Mtsogoleri wa Zikadakhalaife anati ganizo la nambala lidali lawo, a boma adaliba, choncho iwo akulikana mpaka atadzalowa m'boma. Phungu wina anafunsa ngati mapasa adzagawana nambala imodzi. Wina anati wolowa ndi kutuluka mopanda chilolezo kuposa onse ndi mtsinje wa Yendayenda, ndipo Sipikala, a Khalanipansi, anagamula kuti mtsinjewo ulemberedwe kalata yodzaonekera ku komiti. Nthawi yonseyi chibwano cha a Chagona chinkatsika pang'onopang'ono, n'kudzidzimuka, n'kutsikanso. Phini inagwira ntchito kuposa nduna iliyonse m'Nyumbamo.

Belu linalira. Mlembi anayamba kutchula maina. Ayi, noo, ayi, noo. A Chagona anamvetsera koyamba m'moyo wawo, ndipo mtima wawo unasefukira poona kuti ngakhale a boma akukana bilu yawo yomwe. Ndaziona m'mwambamo ankaganiza chimodzimodzi. Atatha makumi asanu ndi atatu mlembi anakweza maso.

"Olemekezeka Chagona, phungu wa Mthunzi."

A Chagona anaimirira. Aphungu ena anayamba kuzindikira tsiku limenelo kuti ndi munthu wamtali. Anayang'ana m'mwamba kwa mwana wa mlongo wawo, nakoka mpweya wa zaka khumi ndi zinayi.

"Ayi!"

Denga linamva. Nkhunda zinauluka. Sipikala anamenya tebulo nalengeza kuti ovomera ndi makumi anayi ndi mmodzi, okana makumi anayi, ndipo bilu yadutsa. A Zilibwino ananyamula a Chagona m'mwamba akuimba, ndipo iwo anagwetsa misozi poona kuti m'dziko muno kulimba mtima kukadalemekezedwa. Panja anakumana ndi Ndaziona atakhala pamasitepe. Mlonda wa pachipata anali atamufotokozera kale.

"Wamva mmene ndakanira, mwana wanga?"

"Ndamva, Malume. Mzinda wonse wamva."

Atawauza, a Chagona anakhala pansi pambali pake. Anavula jekete, nayang'ana phini ija, nafunsa motsitsa mawu kuti tsono wokana amati chiyani. Ndaziona anawauza. Iwo anayeserera kawiri, mawuwo akutuluka ngati a ng'ombe yodwala, nanyamuka akubwerezabwereza m'njira.

Pofika madzulo mzinda unali kuwira. Anthu amene anali m'mwamba muja anafalitsa kuti a Chagona anakana, aliyense anamva, ndipo mwana wa sitandade wani amadziwa tanthauzo la ayi. A Chitsekere anathamangira kunyumba yachifumu kukapempha kuti Mfumu itseke pakamwa pa anthu. Mfumu itamva nkhani yonse nkhope yake inawala. Inakumbukira misonkhano yonse imene inafunsa ngati anthu akukhuta, ngati akukondwa ndi misewu, ngati ilamulire zaka zina khumi, ndi mayankho amene ankachokera kumbuyo kwa khamu. Kani anthu ake akhala akuivomera zaka zonsezi. Inalamula pomwepo chilengezo, ndipo galimoto ya zokuzira mawu inazungulira nacho mzinda: kuyambira lero, monganso kuyambira kale, mawu akuti ayi akanenedwa pamaso pa wantchito aliyense wa Mfumu atanthauza kuvomera, ndipo wotsutsa zimenezi akutsutsa lamulo la Nambala ndi Michombo lomwe.

Lachisanu m'mawa lole inaima pachipata cha msika. Munatsika Sajeni Mlauzi, munthu wonenepa wofatsa, ndi tebulo, buku ndi chidindo. Anayamba ndi a ku Pamchenga, popeza mbiri yawo inkadziwika ndi aliyense. Sipiliyano anali atamanga kale zipangizo zake m'kathumba. Anabwera pakhonde ndi ambulera yofiira ya zidutswa zisanu ndi zitatu zija, naiika pafupi ndi makina, nati mvula ikuoneka kuti ili pafupi.

Ndaziona sanakweze mutu. Ankapinda mpendero wa deresi loyera mwaukali, ngati kuti likatha lole isungunuka. Galimoto ya zokuzira mawu inadutsanso ikubwereza chilengezo cha dzulo. Phazi lake linaima pachopondera. Anamvetsera mpaka galimoto itakhota, kenako anaimirira n'kugwira Sipiliyano pamkono.

"A Sipi, munati mudzanena zoona."

"Ndinatero."

"Mukanene. Koma liwu limodzi. Mukawonjezera za mtsinje, za mayi anu kapena za mango, ine ndi amene ndikukwezeni lole."

Anakatola pepala la chilengezo limene linamatidwa pachitseko cha sitolo, napita naye kutebulo, msika wonse ukutsatira pambuyo.

Sajeni Mlauzi ananyowetsa chala, natsegula buku, nafunsa ngati mchombo wa Sipiliyano uli m'nthaka ya Tionamawa.

"Ayi," anatero Sipiliyano. "Kungoti chaka chimene..."

Chidendene cha Ndaziona chinatera pachala chake chachikulu.

Sajeni anafunsa ngati ali ndi mboni.

"Ayi."

Sajeni anapumira m'mwamba mwachisoni naloza lole. Ndaziona anagwada mwaulemu wonse, nafunsa ngati a Sajeni ndi wantchito wa Mfumu. Sajeni anati zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndaziona anayala pepala lija patebulo nawapempha kuti awerenge mokweza, popeza iye sukulu sadapite nayo patali. Sajeni anawerenga. Atafika pa mawu akuti wantchito aliyense anachedwetsa lilime, nabwereza, navula chipewa kuti mutu upume.

Sajeni anati zimenezi Mfumu inkanena za ku Nyumba ya Aphungu.

"Ndiye ayi wa a Sipi ndi wokana, bwana?"

"Wokana, mayi. N'zachidziwikire."

"Chabwino. Pepalali silikusiyanitsa Nyumba ndi msika, ndiye kuti wa Malume dzulonso anali wokana. Bilu inagwa. Lole iyi yadzatani pamsika pathu?"

Anachisale anati mwina yabwera kudzawatengera matemba kudepoti, ndipo ngati ndi choncho boma lachita bwino. Sajeni anayang'ana buku, nayang'ana lole, nayang'ana kumwamba kumene kunalibe thandizo, kenako anaimbira foni a Nduna.

A Chitsekere anafika ndi galimoto zitatu. Anamva nkhaniyo ataimirira, ndipo tisawanamizire, mutu unkagwira. Anamwetulira, nasendera pafupi ndi Sipiliyano, nafunsa mokoma ngati mnyamatayo adalowa m'dziko muno mozemba.

Msika unazizira. Aliyense anaona msamphawo. Sipiliyano sadazembepo chilichonse m'moyo wake, ndipo yankho loona linali ayi, amene tsopano anali inde. Ndaziona anaona milomo yake ikutseguka. Chidendene chinali kutali.

"Ine sindidaoloke malire, bwana," anatero Sipiliyano. "Malire ndi amene adandioloka."

A Chitsekere anati sakufuna mbiri, akufuna liwu limodzi. Koma kamphindi kameneko kanamukwanira Ndaziona. Anasuzumira m'buku la Sajeni nafunsa kuti funso limeneli ndi lachingati, pakuti iye akuona awiri okha, ndipo wamva kuti amene adalemba lamuloli, munthu wanzeru kwambiri, adaikamo zoti palibe angasinthe mafunsowo kupatula Nyumba ya Aphungu. A Chitsekere anati imeneyo si nkhani, aitanitsa Nyumba masana omwewo n'kuwonjezera funso lachitatu.

"Noo."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwa khamu, okoka, onenepa, a ng'ombe yochira. Anthu anapatuka. Anali a Chagona, atavala jekete la phini, maso ali gwa. Chiyambire dzulo anali atakana tiyi, madzi osamba ndi moni wa anthu asanu ndi awiri, pofuna kuti lilime lizolowere. Anauza a Chitsekere kuti aitanitse Nyumbayo nthawi iliyonse imene afuna, ngakhale anthu atangodya kumene, iwo akakhala pakona pawo ali maso, ndipo a Nduna ngati masamu amawadziwa aphatikize makumi anayi ndi mmodzi.

A Chitsekere anaphatikiza. Anaona kuti akabwerera ku Nyumba lamulo lawo lifera komweko, akati ayi ndi ayi lafa kale dzulo, ndipo akati ayi ndi inde likhala ndi moyo koma lopanda womukweza lole. Pa zitatuzi anasankha chimene chinkawasiyira unduna. Anauza Sajeni kuti atsate lamulo, natembenuka kuti azipita.

Sajeni Mlauzi anatsata lamulo. Analemba kuti wavomera, nalembanso kuti wavomera, nafufuza mzere wotsatira m'buku. Bukulo linali latsopano. Pamzere woyamba panali dzina la Mfumu. Anapumira pachidindo, nachimenya, nalengeza ndi mawu a ntchito kuti Sipiliyano wa ku Pamchenga, wokonza maambulera, ndi mbadwa nambala 2 ya ufumu wa Tionamawa.

A Chitsekere anaima phazi limodzi lili m'galimoto. Anachisale anawauza kuti asadandaule, malaya aja akhoza kumupatsa mkwati, telala ali pomwepa awabweza m'chiuno. Kumbuyo kwa Sipiliyano mzere unali utafika kale kwa ogulitsa makala: a ku Pamchenga, obadwira kuchipatala, a mboni zakufa, onse akukonza kukhosi. Tsiku limenelo pamsika wa Tsitsaniko panamveka ayi wochuluka kuposa amene adamvekapo m'Nyumba ya Aphungu chikhazikitsireni, ndipo Mfumu itamva phokosolo ili pakhonde lake inatumiza uthenga wothokoza anthu chifukwa cha chikondi chawo. A Nduna anapeza nambala 3,114, pambuyo pa wometa tsitsi. Lole inabwerera itanyamula matemba.

Loweruka kunagwa mvula yowaza, ya fungo la dothi. Anapita kwa mlembi wa maukwati pansi pa ambulera yofiira, deresi litatha mpendero wake m'mawa womwewo. A Chagona anapemphedwa kuti monga nkhoswe angogwedeza mutu, asatsegule pakamwa. Mlembi, yemwe nayenso ndi wantchito wa Mfumu, anafunsa Sipiliyano ngati akumulola Ndaziona kukhala mkazi wake. Sipiliyano anati inde, chifukwa chilengezo sichinaletse inde, ndipo ngakhale chikadaletsa iye sakadadziwa kunena mwina.

Mlembi anatembenukira kwa mkwatibwi. Ndaziona anayang'ana pansi monga tsiku lija la chidutswa chomaliza, mpata wa m'mano ukungoonekera pang'ono.

"Ayi," anatero.

Mlembi analemba kuti wavomera, namenya chidindo. Amayi analuluta. Koma Sipiliyano nkhope inagwa. Anathokoza motsitsa mawu, dzanja lake likufufuza chipewa pabenchi. Ndaziona anamugwira mkono wa malaya asanaimirire, namukokera pafupi, nanena m'khutu mwake liwu lina lija lovomeradi, limene silinalembedwe m'buku lililonse la boma.